Nkhondo ya Ine ndi Zikhadabo Zanga

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. M'chaka cha 2013, pamene ndinkaphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina ya kumudzi, ndidayamba kumva kuyabwa pa msongolo wa mwendo wamanzere. Ndidayesa kuti ndalumidwa ndi udzudzu, choncho ndidakanda monga momwe munthu aliyense akadachitira. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, miyendo ndi mikono yanga idali itadzaza ndi zotupa zolimba, zakuda bii, zina ngati nandolo, zina zokula ngati nzama. Pakatikati pa msana pokha, pamene zala sizifika, ndi pamene padatsala posalala. Ndikadakhala wochenjera, ndikadatolapo nzeru pamenepo.

Amene adakhudzako chitedze angamvetseko pang'ono kuyabwa kumeneku, kungoti chitedze chimaleka. Kwanga kunkakula usiku, ndipo m'mawa nsalu zofunda zinkakhala ndi madontho a magazi.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu adati ndi mphere. Katatu konse adandipatsa mankhwala odzola a benzyl benzoate, banja lonse lidadzola, zofunda tidaziwiritsa, koma zotupazo zidangowonjezeka. Sindiwaimba mlandu anthu aja, pakuti mphere ndi zofala ndipo zimayabwanso usiku. Chimene tonse sitidachilingalire n'chakuti mayi a kunyumba, amene ndinkagona nawo mphasa imodzi, sadakandepo ngakhale kamodzi. Ndikuvomeranso, mwamanyazi ndithu, kuti ine amene ndinkaphunzitsa ana sayansi ndidapita kwa sing'anga. Adanditemera mphini m'miyendo, ndipo mphini zina zidasanduka zotupa zatsopano.

Chopweteka koposa chidali maso a anthu. Ena ankanong'ona kuti ndi khate, ena ankati ndi Edzi. Kutchalitchi ena ankapinda manja nthawi yopatsana moni. Ana a m'kalasi ankalandira makope awo ndi nsonga za zala. Ndidayamba kuvala jekete ngakhale m'dzuwa la Okutobala, thukuta n'kumawonjezera moto pakhungu.

Mu 2015 ndidatumizidwa ku chipatala chachikulu, kumene ndidakumana ndi dokotala amene adaphunzira za matenda a khungu ku Moshi, m'dziko la Tanzania. Adandiyeza kachilombo ka HIV, shuga, impso ndi chiwindi, chifukwa matenda a ziwalo zimenezi amatha kuyambitsa kuyabwa kosatha. Zonse zidapezeka zili bwino. Kenaka adadula kachidutswa ka khungu kukakaunika. Nditabwerera, adandiuza dzina la nthenda yanga: prurigo nodularis. Dzinali adalipereka ndi dokotala wa ku Chicago, James Nevins Hyde, m'chaka cha 1909. Ndi nthenda yosawonekawoneka, ndiponso yosapatsirana. Mawu otsirizawa ndidapempha kuti awabwereze.

Adafotokoza motere. Munthu akakanda malo amodzi kwa nthawi yaitali, khungu limakhuthala, timitsempha tomva kuyabwa timasintha n'kumadzidzimuka ndi kanthu kochepa, ndipo asilikali a m'thupi amasonkhana pamenepo n'kutulutsa timadzi tokolezera kuyabwako. Kuyabwa kubala kukanda, kukanda kubala chotupa, chotupa chibalanso kuyabwa. Ndipo adandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, mankhwala ndikupatsani, koma theka la ntchitoyi lili m'manja mwanumo." Pamenepo ndidakumbukira pakati pa msana panga paja.

Adandipatsa mankhwala odzola amphamvu a clobetasol, oti ndizipaka pa zotupa pokha n'kumangapo bandeji, kuti mankhwala alowe komanso kuti chikhadabo chisafike. Adandichenjeza kuti mankhwalawa akachuluka amapyapyalitsa khungu, choncho ndinkapumira monga adandilangizira. Zotupa zouma mutu adazibaya jekeseni. Mapiritsi a Piriton ankangondipatsa tulo osachotsa kuyabwa, motero adandisinthira ku amitriptyline wochepa womwa pogona, amene amaziziritsa mitsempha. Adandiletsa madzi otentha, sopo wonunkhira ndi mwala wotsukira mapazi, nandiuza kuti ndizidzola Vaseline khungu lisadaume.

Zonsezi zidali zapafupi poyerekeza ndi kuleka kukanda. Masana ndinkapirira, ndikumaika kansalu konyowa pamalo poyabwa kapena kungopsinja ndi chikhatho. Koma munthu ali m'tulo alibe mwambo. Nzeru idachokera kwa mayi a kunyumba. Madzulo ena adabwera ndi masokosi akale, nati, "Bambo, bweretsani manja kuno." Adandiveka masokosiwo m'manja n'kumanga ndi kansalu pamkono. Ndidadandaula kuti akundisandutsa khanda. Iwo adangoti khanda n'labwino, limamvera. Usiku wambiri ankadzuka kundigwira dzanja ndisadadzivulaze, ndipo tulo timene adataya chifukwa cha ine sindingathe kuwabwezera.

Pokhala mphunzitsi, ndidatsegula kaundula. Loweruka lililonse ndinkawerenga zotupa n'kulemba m'kope monga ndinkachitira poitana maina m'kalasi. Miyezi itatu yoyamba chiwerengero sichidasunthe, ndipo ndidatsala pang'ono kutaya mtima. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotupa zidayamba kuphwa chimodzichimodzi, zikusiya zipsera zakuda, ndipo patatha zaka ziwiri ndidalowa m'kalasi nditavala malaya a manja aafupi.

Kunena kuti ndidachira kungakhale kunama. Mu 2019, mkulu wanga atamwalira, nkhawa zidadzutsa kuyabwa, masokosi n'kutulukanso m'sutikesi. Ndamva kuti ku America boma lidavomereza jekeseni wa dupilumab wothandiza nthendayi mu 2022, ndi wina wotchedwa nemolizumab mu 2024. Onsewa amatseka njira ya timadzi tija tokolezera kuyabwa. Ndimakondwera nawo anzanga amene akuwalandira, koma mtengo wake penshoni ya mphunzitsi singaufike.

Lero ndatsala ndi zotupa zisanu ndi chimodzi, zonse kumiyendo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mayi a kunyumba amakhala pakhonde n'kundiwenga zikhadabo. Masiku ano mdzukulu wanga wamng'ono ndi amene amawerenga zotupa, akuzigwira ndi chala chake chimodzichimodzi, ine n'kumalemba m'kope lija.