Tsiku Limene Fulashi Inameza Cuma ca Amai

Acinyamata anzanga, ndifuna ndikusimbireni za kagulu kathu ka pa Ciweru, ndiponso za manyazi amene ndinaona mu Disembala 2025. Ngakhale lero ndikawakumbukira, thukuta limayamba kutuluka m'manja.

Kuno kwathu kwa a Ndake, munthu akachula kompyuta ambiri amaganiza za maofesi a pa boma kapena za ku banki. Koma tiripo ena ocepa amene tikatsiriza kuphunzira nyimbo za kwaya pa Ciweru, timakakhala pa khonde la kantemba ka mnzathu wokonza mafoni pa Nyimba, kufupi ndi pamene amai amagulitsa nthoci kwa anthu a m'mabasi a pa mseu wa Great East, ndi kumaceza za makinawa mpaka dzuwa kulowa. Kaguluka kalibe dzina, kalibe cheyamani, ndipo palibe amene amalemba zokambidwa. Mwini kantembayo timamucha a Injiniya, ngakhale kuti sukulu sanapite nayo patali. Foni imene ena anaitaya mtima, iye amaitsegula ndi kuidzutsa. Pali aphunzitsi ena a pa sukulu ina ya kumudzi, pali mtsikana wogwira nchito m'kanyumba kotumizira ndalama pa foni, pali mphwanga amene ali ku sekondale, ndiye ineyo mwini laputopu.

Laputopuyo ndinaigula yogwirapo kale ku Lusaka m'caka canga comaliza ku koleji. Batire lake linafa kalekale, motero magetsi akangothima nayonso imagona pomwepo. Ndipo kunena zoona, cimene cinayambitsa maceza athu ndi kusowa kwa magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anafika posowa maola 21 pa tsiku. A Injiniya analibe poyatsira citsulo cao cowocherera, ine ndinalibe poyatsira laputopu. Tinangotsala ndi pakamwa.

Ine kompyuta ndinaidziwa mwa njira yowawa. Ndiri mmodzi wa ana amene analemba mayeso oyamba a Giredi 9 a phunziro la kompyuta mu Novembala 2015. Amene munalipo mukumbukira kuti m'masukulu ambiri makompyuta anali ocepa, magetsi anali kubvuta, ndipo ana anadikirana mpaka usiku kuti alembe gawo locita ndi manja. Ine ndinalowa m'cipindamo kunja kutada, njala iri m'mimba, ndipo kanali kacitatu kokha kugwira mbewa ya kompyuta pa moyo wanga. Caka conse mbewayo tinali kuiona yojambulidwa ndi coko pa bolodi. Ambuya anga atamva kuti mayeso athu anali a mbewa, anati, "Nanga mwana wa kuno angalephere mbewa? Si mukumba tsiku ndi tsiku?" Mpaka lero sabvomereza kuti kuli mbewa yosadyedwa.

Pa khonde paja timatsutsana kwambiri, ndipo zambiri mwa zimene timatsutsanazo ndi zopanda pace. Koma nthawi zina pamatuluka nzeru. Tsiku lina mphwanga anafunsa cifukwa cimene laputopu yanga imacedwera conco pamene hard disk yace iri ndi malo ambiri opanda kanthu. Ine ndinayamba kumuyankha ndi Cizungu ca ku koleji, iye nkumangophethira. Aphunzitsi aja anandidula mau. Anati hard disk iri ngati nkhokwe, RAM iri ngati licero, ndipo processor ndiye mai amene akupeta. Nkhokwe ingakhale yaikuru motani, mai amapeta cokhaco cimene cakwana m'licero. Licero likacepa, mai amangokhalira kupita ku nkhokwe ndi kubwerako, ndipo nsima imacedwa. Magetsi akathima, za m'licero zimatayika koma za m'nkhokwe zimatsala. Laputopu yanga iri ndi RAM ya 4 GB cabe, kalicero ka mwana. A Injiniya anaonjeza kuti nkhokwe yanganso njakale, ya mbale zozungulira m'kati, ndipo kuti SSD, imene iribe kanthu kozungulira, iri ngati nkhokwe yomangidwa pa khomo peni peni pa khichini. Zaka zitatu za ku koleji, sindinamvepo munthu akulongosola bwino cotero.

Mkangano waukuru unali wa Windows ndi Linux. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inatseka cithandizo ca masiku onse ca Windows 10, ndiko kuti mipata yatsopano imene akuba angapeze m'menemo siidzatsekedwanso kwa ife anthu wamba monga kale. Windows 11 imafuna makina atsopanoko okhala ndi kacipangizo kochedwa TPM 2.0, ndipo laputopu yanga iribe. A Injiniya anati limenelo si bvuto, iwo adziwa njira zolambalala, ndipo ali ndi fulashi yodzala ndi mapulogramu amene sanawalipire. Aphunzitsi anati ai, tiike Linux. Anatifotokozera kuti Linux anaiyamba mnyamata wa ku yunivesite ya Helsinki, Linus Torvalds, mu 1991 ali ndi zaka 21, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuikopera, ngakhale kuisintha osalipira. Mtundu wace wina wochuka, Ubuntu, unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu womwe timanena kuno. A Injiniya anaseka nati umunthu sudziwa printer ya pa boma. Apo anali ndi mfundo, pakuti si makina onse osindikizira amene amamvana ndi Linux msanga, ndiponso ana ku sukulu amaphunzira Word ndi Excel. Ine ndinali pakati ngati mleme. Mumtima ndinadziwa kuti mapulogramu osalipira aja ndi akuba ndithu, ngakhale timawacha maina ena okoma, ndipo kawiri kawiri amabwera ndi matenda m'kati. Koma ulesi unandigwira, ndipo ndinasiya laputopu monga inaliri.

M'maceza onsewa mtsikana wa m'kanyumba ka ndalama uja sanali kulankhula kwambiri. Tsopano ndikaganiza, ndiona kuti ndife amene sitinali kumpatsa mpata. Tinali kuponyerana mau akuru akuru ngati atambala pa bwalo, ndipo akayamba kunena kanthu, wina anali atayamba kale kumuyankha.

Tsono nkhani yeni yeni ndi iyi. Amai a mu mpingo mwathu ali ndi kagulu ka banki ya m'mudzi. Amasonkha mwezi ndi mwezi, amabwerekana pa ciongoladzanja, ndipo mu Disembala amagawana kuti agule feteleza, mbeu ndi zofunika za ana ku sukulu. Kuyambira kale zonse zinali kulembedwa m'buku lacikuto colimba limene amai msungicuma amalisunga m'citenje. Ine, pobwera ku koleji ndi nzeru zanga zatsopano, ndinawauza kuti bukulo ndi lacikale, lingathe kunyowa kapena kudyedwa ndi ciswe, ndipo kuti ndidzawalembera zonse mu kompyuta. Amai msungicuma anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Mwana wanga, ngati mwatero inu ophunzira, ife tidzanenanji?" Kuyambira mu Epulo ndinali kulemba ndine. Posafuna kuti zisokonezeke ndi za ine mwini, ndinazisunga pa fulashi imodzi yokha, yofiira, imene ndinali kuiyendera nayo m'thumba la shati.

Kutatsala masiku anai kuti agawane, ndinapita nayo pa shopu ina kukasindikiza mapepala. Nditabwerera kunyumba ndi kuilowetsa mu laputopu kuti ndikonze dzina limene linalakwika, ndinapeza mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamubvi pa ngodya. Ndinadinda kamodzi, osatseguka. Ndinadindanso. Mapepala amene ndinasindikiza anali a mwezi wa Novembala wokha, pakuti ndalama zosindikizira zinandicepera. Miyezi isanu ndi iwiri ya ngongole za amai 23 inali itapita.

Usiku umenewo sindinagone. Si ndalama zimene zinasowa, ndalamazo zinali m'bokosi mwa amai. Cimene cinasowa ndi umboni wa amene anasonkha zingati ndi amene anabweza zingati. Amene munaonapo kagulu kotere kakupasuka mudziwa kuti anthu opemphera pa benci limodzi angathe kuleka kupatsana moni cifukwa ca K50. Ndipo mwa amai 23 aja munali amai anga ondibala.

M'mawa ndinathamangira ku kantemba. A Injiniya anaiyang'ana nati ndi vairasi ya ma shortcut, ndipo mankhwala ace ndi kupukuta fulashi yonse. Anali atafika kale pa mau akuti Format pamene mtsikana uja, amene anabwera kudzachaja foni, anawagwira dzanja. Anati, "Acimwene, dikirani. Taonani apa, ikuti malo ogwiritsidwa nchito akali omwe aja. Ngati zinthu zinafufutika, nanga cadzaza malowo nciani?" Tinayang'anana. Zinali zoona, ndipo tonse awiri tinali titaziona osazilingalira. Iye anati pa nchito yace anazolowera kuti ziwerengero zikapanda kugwirizana, ndiye kuti pali cimene cabisala.

Tinatumiza mphwanga pa njinga kukaitana aphunzitsi. Iwo anabwera ndi fulashi yao imene anaikapo Linux Mint, imene munthu angathe kuyatsira kompyuta osakhudza za m'kati mwace. Anatifotokozera kuti vairasi ya mtundu uwu kawiri kawiri siifufuta kanthu. Imangoika cizindikiro pa mafoda ako cakuti abisike, ndipo m'malo mwace imaika tizithunzi tonamizira ta maina omwewo, kuti ukadinda uidzutse ndi kuifalitsa. Linux sasamala za cizindikiro cobisaco, ndiponso vairasi yolembedwera Windows siingathe kuthamanga m'menemo. Laputopu itayaka ndi kulowetsa fulashi yofiira ija, mafoda onse anaonekera, ndipo pambali pace panali tinthu tacilendo timene aphunzitsi anatifufuta. Miyendo yanga inalefuka, ndinakhala pansi pa fumbi. Pambuyo pace aphunzitsi anationetsa kuti ngakhale mu Windows muli lamulo lochedwa attrib limene limacotsa cizindikiro cobisaco, ndipo a Injiniya analilemba pa cikuto ca bokosi la mabatire. Sanabvomere kuti agonja. Anangoti Linux ndi yabwino pa maliro, koma pa ukwati adzaitanabe Windows.

Mukanaganiza kuti ndinaphunzirapo. Koma pokondwa, ndinalola mphwanga kuti aonetse luso lace. Iye wakhala akudziphunzitsa Python pa foni, cilankhulo colembera mapulogramu cimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, ndipo analemba kapulogramu ka mizere yosakwana 30 kowerengera gawo la mai aliyense. Kanali kokongola: kutenga ciongoladzanja conse, kugawa molingana ndi zimene munthu anasonkha, ndi kuonjeza pa zace. Tinakayesa kawiri, kanayenda bwino.

Tsiku logawana amai anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, bokosi liri pakati. Ndinayamba kuwerenga maina ndi ziwerengero mokweza. Ndisanafike pa dzina lacinai, amai msungicuma anakweza dzanja. Anati, "Bambo, imani. Zacuruka." Ndinati kompyuta siilakwa. Iwo sanandiyankhe, anangomasula citenje ndi kuturutsa buku lacikuto colimba lija. Miyezi yonseyi anali kulembabe, usiku, ndi pensulo, osandiuza. Anati, "Za maliro ndi za odwala mwaziika kuti?" Pa kagulu kao pali thumba lapadera limene saligawana, limadikira tsoka. Ine ndinali nditalilemba pamodzi ndi zosonkha zina, ndipo mphwanga sindinamuuze. Kapulogramu kanacita zimene tinakauza, kanagawa ndi za maliro zomwe. Tikanapitiriza, amai omalizira pa mndandanda akanapeza bokosi litauma, kapena thumba la tsoka likanayamba caka catsopano liri lopanda kanthu.

Mphwanga anakonza pomwepo, mzere umodzi wokha wocotsera, manja akunjenjemera. Titawerenganso, ziwerengero za pa foni ndi za m'buku zinagwirizana mpaka pa ngwee, kupatula mai mmodzi amene anasiyana ndi K20, ndipo apo linapezeka lolakwa ndi buku. Amai msungicuma anaseka nafufuta ndi labala, nati diso lao linali litatopa tsiku limenelo. Amai anga sananene kanthu pa gulu. Tiri m'njira kupita kunyumba anangondifunsa ngati ku koleji anatiphunzitsanso kufunsa.

Tsopano laputopu yanga iri ndi Linux Mint, ndipo ndikafuna kusindikiza ndimasandutsa pepalalo kukhala PDF ndi kulitumiza pa foni, fulashi yofiira siyendanso m'mashopu. Za amai ziri m'malo atatu: mu laputopu, pa foni ya mtsikana uja amene amai anamsankha kuti adziyang'anira ziwerengero pamodzi ndi ine, ndi m'buku la m'citenje. Pa Ciweru capita tinakangana za SSD. A Injiniya akuti adziwa munthu ku Lusaka amene angatipezere ya 256 GB yogwirapo kale, aphunzitsi akuti nkhokwe yogwirapo kale umaigula ndi anankafumbwe ace, ndipo mtsikana uja akuti tiyambe tagula batire, pakuti SSD siyaka popanda magetsi. Sitinagwirizane. Basi ya ku Chipata itaima, tinagula nthoci za K10 ndi kupitiriza.