Msomali wa pa Khosi la Gitala

Zinthu zambiri zimene timagwiritsa ntchito m'midzi mwathu zinayamba zakhala za anthu ena. Njinga, wailesi, makina osokera, ngakhale malaya a pa kaunjika, zonsezi zimatipeza zitadutsa kale m'manja ambiri. Mwini aliyense amasiyapo chizindikiro chake. Wina amawotcherera chitsulo pa kaliyala kuti njinga izitha kunyamula matumba awiri a nandolo, wina amachotsa chimene akuona kuti chikumusokoneza. Tsono tsiku logulitsa likafika pamabuka funso limene ambiri safuna kuliyankha: kodi wogulitsa ali ndi udindo wouza wogula zonse zimene zinasinthidwa? Ine funsoli ndinakumana nalo pogulitsa gitala la malemu amalume anga, kwathu kufupi ndi Namitambo, m'boma la Chiradzulu.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndiyambe ndafotokoza kaimbidwe ka gitala lamtunduwu. Cha m'ma 1889, mnyamata wina wa ku zilumba za Hawaii, dzina lake Joseph Kekuku, anayamba kugoneka gitala pamiyendo ndi kumatsetsereza chitsulo pa nsambo zake m'malo mozidinikiza ndi zala. Mawu amene ankatuluka anali onga a munthu wolira modandaula. Kaimbidweka kanafala ku America, ndipo kumeneko amisiri anaika chipangizochi pa miyendo inayi ngati tebulo, nawonjezera zopondera ndi zokankha ndi mawondo kuti woimba azitha kukweza kapena kutsitsa mawu a nsambo nyimbo ili m'kati. Chimenechi ndicho Azungu amachitcha pedal steel guitar, ndipo kawirikawiri chimakhala ndi nsambo khumi pa khosi limodzi. Chinatchuka kwambiri Bud Isaacs atachiliza mu nyimbo ina ya Webb Pierce imene inajambulidwa mu 1953. Muno mu Africa, Demola Adepoju wa ku Nigeria ankachiliza mu gulu la King Sunny Adé. Oimba chipangizochi amakonda kusintha kalumikizidwe ka zopondera kuti kagwirizane ndi mapazi awo, kotero kuti wogula chakale amayenera kufunsa bwino kuti chopondera chilichonse chimakoka nsambo iti.

Kuno kwathu chipangizo chodula chotere sichinafike m'midzi, koma kaimbidwe kake kanafika kudzera m'mbale za galamafoni. Makolo athu anakapatsa dzina lakuti hauyani, kuchokera ku dzina la zilumba zija. Chitsulo chotsetsereza analibe, choncho ankagwiritsa ntchito botolo laling'ono kapena mpeni. Kusintha gitala sikunali kwachilendo. Ngakhale katswiri Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, nthawi zambiri ankaliza gitala la nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi.

Amalume anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo anabwerako mu 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, boma lathu n'kuletsa kulemba anthu ntchito ya Wenela. Pakati pa katundu wawo panali gitala la Gallotone limene anagula kwa mnzawo wa ku Mozambique. Nkhani ya kagulidwe kake ankaisimba kawirikawiri. Mnzawoyo asanatchule mtengo anawauza kuti aliyang'ane gitalalo cham'mbali, ngati mmene mmisiri ayang'anira thabwa. Khosi lake linali lopindika, moti nsambo zinatalikirana ndi timizere tachitsulo, ndipo zala zinkapweteka munthu akafuna kuzidinikiza. Chifukwa cha chilema chimenechi anawagulitsa pa theka la mtengo wake.

Paja akulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Atafika kumudzi, amalume analowetsa msomali wa mainchesi anayi pansi pa nsambo, kumtunda kwa khosi, kuti nsambozo zikwere kwambiri. Anachotsa nsambo imodzi, nachuna zotsalazo mwakuti ukazikhwatcha zonse pamodzi zinkagwirizana mawu popanda kudinikiza paliponse. Poimba hauyani botolo limangoyenda pamwamba pa nsambo, motero kupindika kwa khosi sikunalinso vuto. Kwa zaka zambiri gitala limeneli linkamveka pa maukwati ndi pa mikumano ya m'mudzi mwathu.

Amalume anatisiya mu 2019, ndipo gitala linapachikidwa m'nyumba ya mayi anga, mlongo wawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza boma lathu. Ku mudzi wa Ntauchira matope ochokera m'phiri anakokolola nyumba ndi anthu omwe. Ife moyo tinapulumuka nawo, koma khoma lina la nyumba linagwa ndipo chimanga chinakokoloka. Mwana wa mlongo wanga anali mu Fomu 3, ndipo fizi ya teremu yotsatira inalibe kochokera. Monga mwini mbumba, udindo unali wanga. Titakhala pansi monga banja, mayi anati, “Mwanangu, amalume ako sakanalola kuti mdzukulu wawo asiye sukulu gitala lili pakhoma. Kaligulitse.”

Ndinayamba ndapita nalo ku Limbe kwa munthu wina wogula ndi kugulitsa zipangizo zakale. Iye analitembenuza uku ndi uku, nagogoda mimba yake, kenaka anaseka.

“Achimwene, thabwa ili ndi labwino, la kale lenileni. Koma hauyani akuimbanso ndani masiku ano? Zulani msomaliwu, ikani nsambo zisanu ndi imodzi zatsopano koma musazimange kwambiri, pakani vanishi. Mnyamata wa kwaya akaliona likunyezimira sadzafunsa za khosi. Malonda ndi m'maso.”

Anandilonjeza kuti tikatero mtengo ukhoza kukwanira fizi yonse, iye n'kutengapo gawo lake. Mawu akewo sanali opanda nzeru. Lamulo la pa msika limene ambiri amatsata ndi lakuti wogula adzionere yekha, ndipo amene sanayang'anitsitse adzilirire yekha. Komabe pali kusiyana pakati pa chilema chimene wogula angachione ndi chilema chimene wogulitsa wachibisa dala. Kumasula nsambo kuti khosi lioneke lowongoka ndi kutchinga maso a wogula, ndipo munthu sungamuuze kuti adzionere yekha pamene wamutchinga m'maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinalikulunganso gitala m'chitenje n'kukwera minibasi yobwerera kumudzi.

Patapita masiku ochepa kunabwera mnyamata wina wa kwaya ya ku mpingo woyandikana nafe, atamva kuti pali gitala la malonda. Ndalama anali nazo m'thumba, zosonkha anzake. Ndinamusonyeza msomali, malo a nsambo yochotsedwa, mng'alu wa kumbuyo umene unamatidwa ndi guluu, ndipo pomaliza ndinamuuza kuti aliyang'ane cham'mbali.

“Bambo, ndiye kuti tikazula msomaliwu silingaimbike ngati magitala ena?”

“Lingaimbike, mphwanga, koma zala zidzakupwetekani, ndipo mawu sadzagwirizana ndi kwaya yanu mukakwera m'munsi mwa khosi.”

Mnyamatayo anathokoza, nabweza ndalama zake m'thumba n'kumapita. Madzulo a tsiku limenelo pakhomo panali zii. Mlongo wanga sanandiyankhule, ndipo sindinamuimbe mlandu, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chilungamo chili ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina amene amaulipira ndi anthu amene sanafunsidwe maganizo.

Sabata ziwiri zitadutsa, kunafika mkulu wina wa ku Mbulumbuzi pamodzi ndi mdzukulu wake. Anamva za gitalali kwa mnyamata wa kwaya uja. Ndisanayambe kufotokoza, mkuluyo anali ataona kale msomali. Anapempha botolo, nagoneka gitala pamiyendo, nayamba kuchuna. Anandifunsa mafunso amene wogula wanzeru aliyense ayenera kufunsa: anasintha ndani, anasinthiranji, kodi zimene zinachotsedwa zilipo, ndiponso kodi chinthucho chingabwezeredwe mmene chinalili. Zonse ndinayankha monga mmene ndinkadziwira. Pamenepo tinayamba kunenerera.

“Bambo, ndalama zanga ndi zochepa, koma msomaliwu sindiuzula. Ndikufuna mwanayu aphunzire ndisanafe.”

Mtengo umene tinagwirizana unali wotsika poyerekeza ndi umene anandilonjeza ku Limbe. Unakwanira magawo awiri mwa magawo atatu a fizi, ndipo kuti tikwaniritse yotsalayo tinagulitsa mbuzi imene tinkaisungira Khirisimasi. Mwana anabwerera ku sukulu atachedwa ndi sabata imodzi.

Kuchokera pa malonda amenewa ndinazindikira kuti chinthu chosinthidwa sichikhala ndi mtengo umodzi. Msomali womwewo unali chilema kwa wogulitsa wa ku Limbe, unali chopinga kwa mnyamata wa kwaya, koma kwa mkulu wa ku Mbulumbuzi unali chifukwa chenicheni chogulira. Wogulitsa akabisa zimene zinasinthidwa amalanda ndalama kwa munthu amene chinthucho sichimuthandiza, komanso amamana munthu amene akanachisamala. Akanena zoona amadikira nthawi yaitali, mwinanso amalandira zochepa, koma katundu amafika m'manja oyenera.

Masiku ano malonda a zinthu zakale achuluka kuposa kale. Lamya za m'manja zosinthidwa batire, njinga zamoto zoikidwa injini ina, makompyuta ochokera kunja, zonsezi zimatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, pamene wogula amangoona chithunzi chokha. Inu amene mukuwerenga mudzakhala ogula, ndipo tsiku lina mavuto akadzakupanikizani mudzakhalanso ogulitsa. Pogula, funsani amene anasintha chinthucho ndi chifukwa chake, ndipo chiyeseni ndi manja anu musanapereke ndalama. Pogulitsa, tchulani chilema musanatchule mtengo. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo munthu amene mwamugulitsa katundu lero mudzakumana naye mawa ku chigayo, ku tchalitchi kapena pa maliro.