Benchi Lathu Loyamba

Sukulu yathu ya akulu iri m'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Timakumana masana, anthu akaweruka kumunda. Ophunzira alipo 24. Ambiri mwa iwo ndi amai. Ena ndi aakulu kuposa makolo athu otibala.

Pamene tinayamba tinalibe pokhala. Amai ankayala zitenje pansi. Abambo ankakhala pa njerwa. Kope linali pa bondo, pensulo m'dzanja. Kuno kumazizira kwambiri mu Juni ndi mu Julayi, ndipo kuzizira kwa pansi kumalowa m'mafupa. Munthu wacikulire akakhala pansi maola awiri, podzuka amayamba wagwira khoma. Zilembo nazo zinkatuluka zopindika, cifukwa bondo si tebulo.

Mwa ophunzira athu munali agogo ena aamuna odziwa kusema. Mipini yambiri ya m'mudzi muno, mitondo, minsi ndi mithiko zinacokera m'manja mwao. Koma pensulo inkawavuta. Dzanja lozolowera kasemasema linkathyola nsonga ya pensulo tsiku ndi tsiku. Madzulo ena anatiimitsa panjira nati: "Aphunzitsi, ine ndaleka. Msana ukundipweteka, ndipo mutu wanga ndi wouma. Sukulu ndi ya ana."

Tinasowa coyankha. Usiku umenewo tulo sitinatione. Tinadziwa kuti iwo akaleka, abambo ena atatu amene anabwera powatsatira adzalekanso.

M'mawa mwake tinauza ophunzira kuti tipange benchi. Onse anavomera. Agogo aja sitinawafunse. Tinkaganiza kuti munthu amene anapita kusukulu angathe kucita ciri conse. Uku kunali kulakwa kwathu koyamba.

Banja lina linatipatsa matabwa a bulugamu amene anacekedwa sabata yomweyo. Anali olemera, ozizira powagwira, ndi onunkhira. Tinabwereka maceka ndi nyundo. Abambo awiri anaceka miyendo. Tinawauza kuti mwendo uli wonse ukhale mkono umodzi. Wina anayeza ndi mkono wake, winanso ndi wake. Ife tinakhoma misomali kumapeto kwenikweni kwa thabwa, ndipo thabwa linang'aluka. Tinaonjeza misomali ina kuti tibise mng'aluwo.

Lolemba amai atatu anakhalapo. Benchi linapendekeka, ndipo mai wa kumapeto anatsetsereka nakhala pansi pomwe ankakhala kale. Anthu anaseka mpaka misozi. Ifenso tinaseka, koma manyazi anatigwira. Patapita masabata atatu, thabwa la pamwamba linapotoka, mng'alu unakula, misomali inayamba kugwedera. Palibe amene anafunanso kukhalapo.

Mbiri ya benchi inawapeza agogo aja kunyumba kwao. Anabwera kudzaona. Analizungulira, naligogoda ndi cala, nalinyamula mbali imodzi. Kenaka anati: "Mwana wanga, mwakhomera mtengo wamoyo. Safunsa anadya phula."

Tinayankha kuti: "Talakwa, agogo. Tiphunzitseni."

Iwo anati: "Ine wosadziwa kulemba dzina langa, ndiphunzitse aphunzitsi?"

Tinati: "Inde. Za mitengo ife ndife osaphunzira."

Anakhala cete kanthawi. Kenaka anapempha coko. Sanalembe kanthu, anangociika kukhutu monga amacitira amisiri. Tsiku limenelo ife tinakhala pa njerwa, iwo anaima kutsogolo.

Coyamba anatiphunzitsa za madzi. Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri m'kati mwake. Madziwo akamacoka, thabwa limafota. Limafota kwambiri m'mimba mwake, koma m'litali limafota pang'ono cabe. Mbali ina ikauma msanga kuposa inzake, thabwa limapindika kapena kung'aluka. Bulugamu ndiye amacita zimenezi koposa. Motero thabwa liyenera kuuma lisanakhomedwe.

Thabwa siliumikidwa padzuwa monga ufa. Timaliika pamthunzi, pamalo popita mphepo. Pansi timaika miyala kapena njerwa kuti lisakhudze dothi. Pakati pa thabwa ndi linzake timaika timitengo touma tofanana, kuti mphepo idutse. Pamwamba timatsendereza ndi miyala yolemera. Ndiye timadikira miyezi, osati masiku. Thabwa louma limapepuka, ndipo ukaligogoda limalira mau omveka bwino. Laliwisi limalira mau ogontha.

Caciwiri anatiphunzitsa kuyang'ana mtengo. Anabweretsa cidutswa ca mlombwa ca citseko cakale. M'kati munali mofiirira, m'mbali munali moyera. Mbali yoyerayo inali itafumbwa, koma yofiirirayo inali yolimba ngati yatsopano. Mtima wa mtengo ndiwo umalimbana ndi ciswe. Mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa ndiyo cakudya ca tizilombo.

Mtengo uli wonse uli ndi nchito yake. Mlombwa, umene pa Cipwitikizi amati umbila, ndi wa zitseko, mipando ndi matebulo, cifukwa supindika wamba. Mbawa, kapena umbaua, imapereka matabwa otambalala. Msambamfumu, umene amati chanfuta, ndi wolemera ndi wolimba. Muwanga ndi wa nsanamira, pakuti umakhala m'dothi zaka zambiri. Naphini ndi wa mipini. Paini ndi wofewa, savuta kuceka, koma ciswe cimamukonda. Nsungwi ndi za nkhokwe, makola ndi thandala.

Cacitatu anatiphunzitsa za msomali. Msomali wakuthwa umalowa pakati pa mitsempha ya thabwa n'kuipatula, monga nkhwangwa imawazira nkhuni. Tikafuna kukhoma pafupi ndi mapeto, tiyambe tabunthitsa nsonga yake ndi nyundo pang'ono. Pa mtengo wolimba tiyambe taboola kabowo kakang'ono. Tikapaka sopo pa msomali, umalowa mosavuta. Misomali iwiri isatsatane pa mtsempha umodzi.

Anatisonyezanso mano a maceka. Mano amenewa sali pa mzera umodzi. Lina limapendekera uku, lina uko, kuti njira ya maceka ikule ndipo citsulo cisakanirire. Maceka obuntha amanoledwa ndi tupa. Poceka sitikanikiza. Timakoka ndi kukankha modekha, maceka amadya okha.

Atatha, tinawafunsa kuti: "Nanga benchi linapendekeka bwanji, agogo?"

Anati: "Mikono inasiyana. Ine ndikamagwira ndekha, mkono ndi umodzi, ndi wanga. Koma anthu akaculuka, mikono imaculukanso."

Apa ndi pamene nafenso tinapeza cathu copereka. Tinabwereka tepi yoyezera kwa telala. Tepi ya telala ndi yotalika masentimita 150. Tinayeza mikono ya abambo awiri aja pamaso pa onse. Wina unali masentimita 47, wina 43. Tinalemba pa bolodi: 47 kucotsapo 43, kutsala 4. Masentimita 4 amenewa ndiwo anagwetsa mai uja. Anthu anasekanso, koma tsopano anamvetsa. Mkono umasintha ndi mwini wake. Sentimita ndi imodzi kwa munthu wamtali ndi wamfupi, kuno ndi ku Ulónguè, ku Tete ndi ku Maputo. Masentimita 100 ndiwo mita imodzi.

Agogo anatenga tepi ija, naiyang'ana nthawi yaitali. Anati: "Ndiye kuti tizilembo iti ndi mkono wa anthu onse?" Tinati inde. Anati: "Ndionetseni pamene pali mwendo wa benchi." Tinawasonyeza 42. Anatola khala pamoto, nalemba 4 ndi 2 pa thabwa, zilembo zazikulu ngati cikhatho. Khala silinathyoke. Imeneyo inali nambala yoyamba imene analemba popanda wowagwira dzanja.

Matabwa ouma tinawapeza kwa bambo wina amene anawasunga kudenga kuyambira caka catha. Tinasinthana naye ndi matabwa aawisi amene anatsala, ndi kuonjezapo nyemba. Benchi laciwiri tinalipanga motere, ndipo inunso mungathe kulipanga.

Pafunika matabwa 5. La pamwamba likhale masentimita 150 m'litali, 25 m'mimba, ndi 3 kucindikala kwake. Awiri a miyendo akhale masentimita 42 m'litali ndi 25 m'mimba. Tikaphatikiza 42 ndi 3 tipeza 45. Uwu ndi msinkhu wabwino wa pokhala munthu wamkulu. Awiri otsalawo ndi opyapyala, masentimita 130 m'litali ndi 8 m'mimba. Amenewa amakhomedwa m'mbali, kunsi kwa thabwa la pamwamba, kulumikiza mwendo ndi mwendo. Ndiwo amaletsa benchi kugwedera.

Mwendo uli wonse ulowe m'kati masentimita 15 kucokera kumapeto. Kunsi kwa mwendo ticekepo kampata pakati, kuti mwendo ukhale ngati uli ndi mapazi awiri. Tikatero benchi limaima bwino ngakhale pa dothi losasalala. Pomariza tipale m'mphepete monse kuti zisanga zisabaye anthu kapena kung'amba zitenje.

Kuti ngodya ikhale yoongoka, pali nzeru ya manambala atatu. Kucokera pa ngodya tiyeze masentimita 30 mbali imodzi, ndi 40 mbali inayo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala masentimita 50. Pakakhala 48 kapena 53, ngodyayo ndi yokhota. Nzeru imeneyi imagwira nchito pa citseko, pa zenera, ngakhale poyala maziko a nyumba. Agogo anali ndi njira yao yoonera ndi diso. Anayesa zonse ziwiri, ndipo zinagwirizana. Anakondwa ngati mwana.

Benchi limodzi limakwana anthu 3. Tinafunsa kalasi kuti anthu 24 afunika mabenchi angati. Mai uja anagwa ndiye anayamba kupeza yankho: 8. Ndiyenso anayamba kupempha maceka. Abambo ena anang'ung'udza kuti maceka si a akazi. Agogo anati: "Dzanja losinja mtondo wa cimanga lingalephere maceka?" Anaceka mwendo wake molunjika, potsata mzera.

Mabenchi 8 sanathe mwezi umodzi. Tinadikira matabwa kuti aume. Tinasonkha ndalama za misomali pang'ono pang'ono, ndipo misomali yakale tinkaiongola pa mwala. Koma mutu umodzi susenza denga. Pofika nthawi ya mvula, ali yense anali ndi pokhala.

Nzeru sinathere kusukulu. Inapita kumakomo. Mabanja ambiri anamanga thandala. Thandala lifuna nsanamira 4 zofika m'ciuno, mitanda, ndi nsungwi zong'alula pamwamba. Mbale zimauma padzuwa, kutali ndi agalu ndi nkhumba. Kunsi kwake timathira timiyala kuti madzi asadikhe. Mbali ya nsanamira yolowa m'dothi timayamba taiwaula pamoto kuti icedwe kuola. Ena anakonza zitseko za makola a nkhuku. Ena anakhoma thabwa pakhoma loikapo mcere, mankhwala ndi makope, pamene ana aang'ono sangafikire. Cinthu cimene tapanga tokha timadziwanso kucikonza cikaonongeka.

Koma pali cinthu cimodzi cimene cimatidetsa nkhawa. Mabenchi athu onse ndi a bulugamu ndi paini. Agogo amati ali mnyamata mlombwa sunali kutali. Lero munthu amayenda ulendo kuti auone. Mitengo yatha ndi moto wa m'chire, makala, minda yatsopano ndi malonda a matabwa. Mu 2017 dziko lathu la Moçambique linaletsa kutumiza kunja zipika zosaceka. Mu 2022 maiko anagwirizana ku Panama kuti malonda a pakati pa maiko a mlombwa, mbawa ndi msambamfumu aziyang'aniridwa. Malamulo amathandiza, koma lamulo silibzala mtengo. Wobzala ndife.

Mlombwa umakula pang'onopang'ono. Amene aubzala lero amabzalira adzukulu. Bulugamu amakula msanga ndipo akadulidwa amaphukanso, koma amamwa madzi ambiri. Tisamubzale pafupi ndi citsime kapena dimba. Kuseri kwa sukulu yathu tabzala mitengo 24, munthu ali yense wake.

Agogo aja sanaleke sukulu. Abambo atatu aja nawonso alipo. Pensulo idakawavutabe agogo, koma tsopano amalemba dzina lao lonse. Analilemba kunsi kwa benchi laciwiri ndi msomali wamoto.

Benchi loyamba sitinalitaye. Liri pakhonde, lopendekeka monga kale. Wophunzira watsopano akabwera n'kunena kuti mutu wake ndi wouma, timamusonyeza benchi limenelo. Timamuuza kuti analipanga ndi aphunzitsi.

Tikambirane

1. Cifukwa ciani benchi loyamba linapotoka?
2. Agogo anaphunzitsa ciani, ndipo anaphunzira ciani?
3. Yezani mkono wanu ndi wa mnzanu. Yasiyana masentimita angati?
4. Anthu 30 afunika mabenchi angati?
5. Chulani mitengo ya matabwa imene yatsala kwanuko. Ndani adzabzala ina?