Mwana wa mng'ono wanga sanakhwimiridwe ayi

Amangwetu, amene mumagula tomato pa benchi yathu mukumudziwa mnyamata uja amakhala pa thumba pambali panga. Ndi mwana wa mng'ono wanga. Wakwanitsa zaka 12 koma mukamuona mungati ali ndi zaka 8. Sitandade 2 wabwereza katatu. Mukamupatsa K1,000 kuti achotsepo ya mulu umodzi, amangokuyang'anani n'kumwetulira, chenje osabwera.

Ndikudziwanso zimene mumanong'onezana. Ati mayi ake adamukhwimira kuti geni iziyenda. Tsiku lina mayi wina wogulitsa usipa adachita kulankhula mokweza kuti, "Mpamba wa anthu ena uli m'mutu mwa ana awo." Mng'ono wanga adalongedza katundu dzuwa lili pamutu, osabweranso kumsika sabata yathunthu. Kumudzi nako adaloza chala agogo ake a mwanayo, mpaka nkhuku ziwiri zidathera kwa sing'anga.

Lero ndati ndiulule, poti ine ndidaliko.

Ndisanayambe za tomato ndinkatcheza kachasu. Chaka chimene mng'ono wanga adali ndi pakati ankakhala kwanga, bambo wa mwanayo atathawira ku Joni. Ndiye ankandithandiza kusonkhezera moto ndi kuthira m'mavelemoti. Wotcheza aliyense amalawa, nanga udziwa bwanji kuti mutu watha? Iye ankalawa. Mseru ukamuvuta m'mawa, ndinkamuuza ndine kuti, "Imwa pang'ono, mtima ukhala pansi." Loweruka tinkagula masese, eti amawonjezera magazi. Kusikelo ankapita ndithu, koma za mowa sitidaziganizeko n'komwe. Sadagwepo m'ngalande, sadatukwanepo munthu. Ndani akadamutcha chidakwa?

Mwana adabadwa wochepa thupi, kamutu kakang'ono, kuyamwa movutikira, usiku kulira kosatonthozeka. Tidati akula.

Zidadziwika chaka chatha pomwe tidapita naye kuchipatala atapsa ndi phala. Dokotala wina wachizimayi adamuyang'anitsitsa nkhope: maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndipo kangalande kaja kamakhala pakati pa mphuno ndi mlomo iye alibe, m'posalala. Adafunsa za kusukulu, adayeza mutu ndi msinkhu, kenaka adafunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, muli oyembekezera munkamwako?" Mng'ono wanga adandicheukira n'kuti, "Achemwali, yankhani ndinu." Ndidayankha.

Adatifotokozera kuti mayi akamwa, mowa umalowa m'magazi n'kudutsa pa mchombo kukafika kwa mwana. Chiwindi cha munthu wamkulu chimausefa mowawo, koma cha mwana wosabadwa sichinakhwime, choncho amakhala nawo nthawi yaitali. Nkhope imaumbika masabata oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Ubongo wokha umakula miyezi yonse isanu ndi inayi, ndiye palibe mwezi woti uwu ndi wabwino kumwa. Kachasu, masese, wa m'botolo wa mabwana uja, ngakhale wa m'masacheti umene boma lidaletsa mu 2015, zonsezo kwa mwana ndi chimodzimodzi. Vutoli pa Chingerezi amati fetal alcohol spectrum disorder, mwachidule FASD. Ana ambiri amene ali nalo nkhope zawo zimaoneka bwinobwino, chimavuta ndi kukumbukira, masamu, kukhazikika ndi kuugwira mtima. Ameneo ndi aja timangoti ndi amwano, n'kumawakwapula.

Si za ku Malawi kokha ayi, ndipo si zatsopano. Mu 1968 dokotala wa ana wa ku France, Paul Lemoine, adalemba za ana 127 obadwa kwa makolo omwa kwambiri. Mu 1973 madokotala awiri a ku Seattle, ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, ndiwo adalipatsa dzina vutoli. Ku South Africa, chigawo cha Western Cape, eni minda ya mphesa kale ankalipira antchito gawo lina la malipiro ndi vinyo, ndipo madera amenewo ali m'gulu la malo amene vutoli lidapezeka lochuluka zedi pa dziko lonse. Kumeneko nako sadakhwime munthu.

Mankhwala ochiza palibe. Izi zidandilasa. Koma dokotala uja adati mwana wotere amathandizika mukamamuuza chinthu chimodzi pa nthawi, mawu ochepa, tsiku lililonse mofanana, osamukalipira. Adatinso mayi akasiya kumwa, ngakhale mimba ili ya miyezi isanu, wamupulumutsako mwana ku zina.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife amalonda timadziwa kusamala dzira kuti lisasweke pa minibasi, koma wapakati akafika pa shabini timamuthirira tokha, ena mpaka kumugulira. Mwezi wathawu mtsikana wina wa mimba yooneka adatuma mnyamata wathuyu kukamugulira kabotolo kuseri kwa msika. Ndidamulanda ndalamayo n'kukaibweza ndekha. Adanditukwana, ati ndimadzimva. Ndidangomuuza kuti abwere adzakhale nafe pa benchi tsiku limodzi, adzaone. Sanabwerebe.

Mnyamata wathu tsopano ntchito yake ndi kuunjika tomato, anayi pansi, mmodzi pamwamba. Imeneyo amaitha, ndipo milu yake imaongoka kuposa yanga. Za chenje ndimagwira ndekha.