Musathamangire Kunena Kuti Yapsa

Pali liwu limodzi lomwe timathamangira kulitchula chipangizo chamagetsi chikangoti zii: "Yapsa." Wayilesi ikasiya kulankhula, yapsa. Foni ikakana kuyaka, yapsa. Liwu limeneli ndi chigamulo cha imfa, ndipo kawirikawiri limaperekedwa osamva mboni ngakhale imodzi. M'makomo ambiri muli mawayilesi ongokhala phee pamwamba pa kabati atafunditsidwa kansalu koluka, chikhalirecho nthenda yake ndi kawaya kamodzi kothothoka. Ine ndimagwira ntchito m'boma. Zamagetsi ndimangozikonda, ndipo zomwe ndikudziwa ndinazitola m'mabuku ndiponso pakhonde la mkulu wina wokonza mawayilesi. Komabe kabodi kena kakang'ono, kosaposa bokosi la machesi, kandilimbitsa maganizo akuti chinthu chisamaweruzidwe chisanazengedwe mlandu.

Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo mayi anga makutu ayamba kuwavuta chifukwa cha ukalamba. Mlongo wanga amene ali ku Johannesburg amawatumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp, koma kasipika ka foni kamangowalirira ngati udzudzu. Zinafika poti mdzukulu wa zaka 12 ndiye ankamvera uthengawo n'kumawafuulira agogo akewo. Tangoganizani, nkhani za banja, za matenda ndi za ndalama, zonse kudzera pakamwa pa mwana! Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanawanga, ine ndikufuna kudzimvera ndekha mawu a mlongo wakoyo, osati kuchita kuuzidwa."

Masipika amakono alipo mbwee, koma amafuna kutchaja pafupipafupi pomwe kumudziko magetsi sanafike, ndipo foni yomweyo amakatchajitsa kumsika. Ndinafuna chinthu chosavuta, chopotokola pamodzi pokha, chodya mabatire a tochi opezeka paokala iliyonse. Ndiye ndinagula kabodi ka ampulifaya kotchipa, sipika ya ma ohm 8 yochotsa m'wayilesi yakale ndi mabatire 6, omwe ukawalumikiza mondondozana amapereka mavoti 9.

Mtima wa kabodiko ndi IC ya miyendo 8 yotchedwa LM386. Inatchuka ndi kampani ya ku America ya National Semiconductor, yomwe Texas Instruments inagula mu 2011. Si yamphamvu ayi. Pa mavoti 9 siifika ngakhale wati imodzi. Koma m'nyumba ya zipinda ziwiri, mphamvu imeneyo n'njokwanira.

Nditalumikiza zonse patebulo kwanga m'tauni, sipika inangoti khwe-khwe kenaka chete. Mnzanga amene anabwera kudzacheza sanachedwe kugamula: "Achimwene, zotchipazi ndi choncho. Yapsa IC imeneyo, tayani." Ine ndinakumbukira zakuntchito. Fayilo ikasowa sitinena kuti yabedwa. Timatsegula buku la kalondolondo n'kuitsata tebulo ndi tebulo mpaka titapeza pomwe inagona. Mawu nawonso ali ndi njira yawo: amachoka m'foni, n'kudutsa popotokolera, n'kulowa mu IC, n'kutulukira pa kapasita mpaka kukafika ku sipika. Wofufuza amatsata njira imeneyo, ndipo amasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa ukasintha zitatu pakamodzi sungadziwe chomwe chachiza.

Mboni zoyamba ndi maso ndi mphuno. Chipangizo chopsadi sichibisala: chimanunkha, chimadetsa bodi, ndipo kapasita yowonongeka nthawi zambiri imatupa pamutu. Apa panalibe fungo kapena chotupa.

Mboni yachiwiri ndi mita. Miyendo ya IC umaiwerenga kuyambira pa kadontho kamene kali pakona. Mwendo 6 ndi wolandira magetsi, mwendo 4 ndi wa mbali ya negetivu. Pakati pa iwiriyi mita inaonetsa mavoti 9, kusonyeza kuti chakudya chikufika. Kenaka ndinayeza mwendo 5, wotulutsa mawu. LM386 yamoyo imasunga mwendo umenewu pafupifupi pa theka la magetsi omwe ikulandira, ndipo mita inaonetsa cha m'ma 4.5. Ndinaikhudza ndi chala: inali yozizira. Woimbidwa mlandu uja anayamba kuoneka wosalakwa.

Mboni yachitatu ndi sipika. Ndinaichotsa n'kugunditsa mawaya ake pa batire limodzi kwa kanthawi kochepa, ndipo inayankha kuti tho! tho! Nayonso inali bwino.

Ndiye vuto linali pati, poti IC ili moyo, sipika ili moyo? Linayenera kukhala panjira ya pakati pa ziwirizo. Ndinatenga kamtengo ka machesi n'kumagogoda zipangizo chimodzichimodzi nyimbo ikuseweredwa pafoni. Nditagogoda kapasita yaikulu yomwe imakhala pakati pa mwendo 5 ndi sipika, mawu anabwera, kenaka n'kuthawanso. Potembenuza bodi ndinaona kuti mtovu wa pamwendo wake umodzi unali wotuwa ndi wosweka mozungulira, pomwe powotcherera bwino pamakhala posalala ndi ponyezimira. Anaiwotcherera mothamanga komwe inapangidwako. Ndinatenthetsa chitsulo, n'kusungunulanso pamenepo ndi kamtovu katsopano pang'ono. Ntchito ya masekondi ochepa chabe, ndipo nyimbo inamveka. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mlandu sunathere pomwepo. Ndikakweza voliyumu, sipika inkayamba kugunda kuti du-du-du ngati injini ya boti panyanja, mawu n'kumasweka. Nthenda imeneyi imadza pamene IC ikoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, mavoti n'kutsika pang'ono, kutsikako n'kubwereranso polowera mawu, ndiye chipangizocho chimangodzithamangitsa chokha. Mankhwala ake ndi kuika nkhokwe pafupi ndi khomo. Ndinawotcherera kapasita ya ma microfarad 100 pakati pa mwendo 6 ndi mwendo 4, mosamala kuti mbali ya mzere igwere ku negetivu, ndipo mawaya a mabatire ndinawafupikitsa. Injini ija inazima.

Chinatsala ndi kusweka kwa mawu. Payokha, LM386 imachulukitsa mawu ka 20, koma ukaika kapasita ya ma microfarad 10 pakati pa mwendo 1 ndi mwendo 8 imachulukitsa ka 200. Mabodi ambiri otchipa amabwera ndi kapasita imeneyi kale. Ku maikolofoni n'kothandiza, koma foni imatulutsa mawu amphamvu kale, moti kuwachulukitsa ka 200 kuli ngati kuthira ndowa yathunthu m'kapu. Nditaichotsa, mawu anayera, ndipo phokoso la siii lomwe linkamveka pansipansi linachepa.

Pali kamayeso kena komwe ndimakakonda. Ukachotsa foni n'kukhudza mwendo 3, wolowera mawu, sipika imang'ung'udza kuti mmmm. Thupi la munthu limatola kafunde ka magetsi a m'makoma, omwe kuno kwathu amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi iliyonse. Kung'ung'udzako ndi umboni wakuti njira yonse kuchokera pachala chako mpaka ku sipika n'njotseguka. Koma owerenga dziwani kuti masewera otere ndi a pakabodi ka mabatire basi. Chilichonse cholumikizidwa kukhoma, komwe kuli mavoti 230, si chokhudza ndi chala.

Ndinaika zonse m'kabokosi ka matabwa, n'kusiya panja popotokolera ndi waya wolowa m'foni. Loweruka lotsatira ndinakatula kumudzi. Mayi anamuuza mdzukulu uja kuti awayatsire uthenga kenaka akasewere, ndipo anatseka chitseko. Ine ndinakhala pakhonde. Zomwe mlongo wanga ananena sindinazimve bwino, ndipo sizinali zanga. Ndinangomva mayi akuyankha foniyo ngati munthu ali nawo pamphasa: "Eya... eya, mwanawanga."

Kabodi kameneka kanali ndi zilema zitatu, ndipo palibe ngakhale chimodzi chomwe chinali mu IC yomwe inkanenedwa kuti yapsa. Zotchipa zili ndi mavuto ake, sindikukana, koma ambiri a ife ndi zomwe timakwanitsa, choncho tiyenera kuphunzira kuzifunsa mafunso oyenera m'ndondomeko yake: kodi magetsi akufika, kodi potulukira pali moyo, kodi njira yaduka pati? Lolemba lililonse ndikakhala patebulo langa ku ofesi, pamabwera anthu omwe nkhani zawo zinaima penapake, ndipo ena anauzidwa kale kuti palibe chomwe chingachitike. Ndimatenga buku la kalondolondo n'kuyamba kutsata, tebulo ndi tebulo.