Liwiro la Mumchenga pa Bwalo la Baseball

M'dziko la America muli masewero otchedwa baseball, amene eni ake amawakonda monga momwe mitundu ina imakondera mpira wamiyendo. Pakati pa bwalo pamaima woponya mpira, ndipo patsogolo pake, pamtunda wa mamita 18.4, pamaima womenya, chibonga chili m'manja. Womenyayo akaumenya mpira amathamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabesi. Amene waima pa besi sachita kudikira kuti mnzake amenye. Amaloledwa kuzemba n'kuthamangira besi yotsatira. Eni masewerowa amati kumeneko ndi kuba, koma ndi kuba kopanda mlandu, kumene khamu limakuombera m'manja.

Motero woponya amakhala ndi adani awiri, wina kumaso, wina kumbuyo. Mtima wa munthu wopanikizidwa chotere suchedwa kufunafuna njira yachidule, ndipo njira yake ndi yodziwikiratu: kuponya msanga, adaniwo asanakonzeke. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi. Funso limene olemba malamulo a baseball akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri ndi lakuti, kodi ndani amene ayenera kudikiridwa, nanga mpaka liti?

Kwa womenya, lamulo silizungulira. Mpira woponyedwa iye asanaime bwino ndi kuyang'ana woponya ndi woletsedwa. Chifukwa chake ndi moyo wa munthu. Mpira wa baseball ndi wolimba gwa, umalemera pafupifupi magalamu 145, ndipo akatswiri amauponya pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, kotero kuti umafika pa womenya theka la sekondi lisanakwane. Mu Ogasiti 1920, Ray Chapman wa timu ya Cleveland anamenyedwa m'mutu ndi mpira woponyedwa ndi Carl Mays mumzinda wa New York, namwalira m'mawa mwake. Chapman anali wokonzeka, koma sanathe kuulewa. Nanga bwanji munthu amene maso ake akadali pansi? Choncho ngati pa mabesi palibe munthu, mpira wothamangitsawo umawerengedwa ngati wophonya. Ngati pali othamanga, mlanduwo umatchedwa balk, ndipo aliyense wa iwo amapatsidwa besi imodzi yaulere.

Wothamanga ndiye alibe mwayi wonga umenewu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Palibe lamulo louza woponya kuti adikire mpaka wothamangayo atasendera kutali ndi besi ndi kukonzekera kuliyatsa liwiro. Akagona, ndi zake. Woweruza amangomudikira pamene mpira wafa, monga pamene wamenyedwera kunja kwa mizere, kuti abwerere n'kuponda besi yake masewero asanayambirenso. Chimene lamulo limamupatsa ndi chinthu chimodzi chaching'ono koma chamtengo wapatali. Woponya akasonkhanitsa manja ake patsogolo, ayenera kuima zii, thupi lonse litakhazikika, asanaponye. Ndipo akangoyamba kuponyera womenya, saloledwa kusintha maganizo panjira kuti akole wothamanga. Kuima kumeneku ndiye chizindikiro chimene wakuba besi amawerenga. Popanda icho, anthu ngati Rickey Henderson, amene anaba mabesi 130 m'chaka cha 1982 chokha, akanakhala ngati mlenje wosaka usiku wopanda mwezi.

Kugawa kotereku kuli ndi nzeru. Womenya akadzidzimutsidwa angathe kutaya diso kapena moyo, pamene wothamanga akadzidzimutsidwa amangotaya mwayi. Woponya naye ndi munthu wofuna kupambana, ndipo kumulanda ukathyali wonse kukanakhala kumumanga manja. Lamulo limamulola kuchenjera, koma limamuletsa kunama ndi thupi lake. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito imene imatulutsa thukuta oweruza.

Kodi kuima zii kumatenga nthawi yaitali bwanji? Mu 1988 akuluakulu a Major League Baseball anakhwimitsa mawu a lamuloli, nati kuimako kuzioneka bwino lomwe. Zotsatira zake zinali chipwirikiti. M'chaka chimenecho oweruza anagamula milandu ya balk yokwana 924, ndipo Dave Stewart wa timu ya Oakland anapezeka wolakwa ka 16. Oonerera analipira ndalama kuti adzaone mpira, koma ankangoona oweruza akutukula manja. Chaka chotsatira mawu okhwimawo anachotsedwa, pakuti mankhwala anali atapweteka kuposa nthenda.

Mu 2023 nkhaniyi inabukanso mwa njira ina. Poona kuti masewero ankatha maola oposa atatu, akuluakulu anaika wotchi pabwalo. Woponya anapatsidwa masekondi 15 ngati pa mabesi palibe munthu, ndi masekondi 20 ngati alipo, amene mu 2024 anachepetsedwa kukhala 18. Womenya analamulidwa kukhala wokonzeka wotchi isanatsike kupitirira masekondi 8. Tsopano lamulo lina likuti fulumira, lina likuti usathamangitse, ndipo mpata wa pakati pake ndi wopapatiza ngati mlatho wa mtengo umodzi.

Max Scherzer, katswiri amene panthawiyo ankaponyera timu ya New York Mets, anafuna kuuyesa mpatawo pa masewero okonzekera a mu Malichi 2023, polimbana ndi timu ya Washington. Womenya, Victor Robles, anapempha kupuma, chinthu chimene lamulo latsopanolo limalola kamodzi kokha. Scherzer anakhala chikonzekere, ndipo Robles atangobwerera pamalo pake, woweruza n'kuyambitsanso wotchi, iye anaponya nthawi yomweyo. Woweruza anagamula balk, ndipo wothamanga wa Washington anayenda pang'onopang'ono kukalandira besi imene sanaikhetsere thukuta.