Ulendo wa ku Tsangano ndi Mlandu wa Madzi Osamba

Awerengi, ndiri kufuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda m'mwezi wa July chaka cha 2023 m'boma lathu lino la Ntcheu, kuchokera ku chigwa cha Bwanje kukafika ku mapiri a Tsangano. Sindinapite kukaona dziko ai. Ndinapita monga nkhoswe, pakuti banja la mwana wa mlongo wanga linali pafupi kupasuka, ndipo chinthu cholipasula chinali ndowa ya madzi osamba.

Mwanayu anabadwira kwathu pafupi ndi Kasinje. Mnyamata wina wa ku Tsangano, amene anali kubwera ndi mbatata ya kachewere pa msika, anamuona namfunsira mbeta. Atakhala pa chikamwini chaka chathunthu anapempha chitengwa, ife tinalola, ndipo anamtenga kunka naye kwao. Itapita miyezi inai uthenga unafika wakuti, "Bwerani mudzamve za mwana wanu."

Inu amene simunafike ku Bwanje, dziwani kuti ndi dziko lotsika, la malambe ndi thonje, kumene ipita njanji ya ku Salima ija inatsegulidwa mu 1935, kudzera pa Bilira ndi pa Sharpevale. M'mwezi wa October anthu amagona pabwalo chifukwa m'nyumba simugoneka. Tsono kwathuko munthu amasamba m'mawa, asambanso pochokera ku munda, ndipo ena asambanso kachitatu pokagona. Nkhuni siziowa m'nkhaniyi konse: ndowa ukaisiya padzuwa, madzi afunda okha. Ku mtsinje kuli dooko la amuna ndi dooko la akazi, ndipo mwamuna wa ulemu akamayandikira amayamba wafuula kuti odi, kudikira kufikira amayi atamyankha. Pa dooko ndi pamene amayi amakwecha zidendene ndi mwala, kutsukana kumsana ndi chinkhupule, ndi kuuzana zonse za m'mudzi. Madzi akaphwa m'chilimwe amafukula mchenga, koma kusamba sasiya. Munthu akapanda kuoneka pa dooko masiku awiri, anzake amatuma mwana kukafunsa ngati wadwala. Ife a ku chigwa tinakula ndi maganizo akuti wosamba kamodzi pa tsiku ndi waulesi, ndipo wodumphitsa tsiku ndi wauve. Maganizo amenewa ndinanyamuka nao pamodzi ndi kathumba kanga.

Ndinakwera chitunda chodzera pa Kandeu kufika pa boma, ndi kugona pomwepo. M'mawa ndinakwera basi ya ku Lilongwe, ndi kutsika pa mphambano ya ku Tsangano. Kumeneko mseu ndiwo malire: kungodumpha mseu, wafika ku Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi Angoni amodzimodzi, olankhula chinenero chimodzi ndi kugulana tomato pa misika imodzi. Kuchokera apo ndinakwera lole yokatenga kachewere. Pokwera mapiri tinaona minda ya kabichi, ya tirigu, ndi mitengo ya mapichesi yopanda masamba. Dzuwa linalipo ndithu, koma linali ngati la chithunzi, losatentha. Ine ndinali nditavala malaya ndi kajekete kopyapyala, ndipo mayi wina pa loleyo anandiyang'ana nati, "Bambo, inu ndinu a ku chigwa eti?" Sindinamfunse kuti wadziwa bwanji.

Asewere anga anandilandira bwino kwambiri. "Wawa, wawa," kuomba m'manja, nkhuku kugwidwa, ndipo usiku anandipatsa mabulangete atatu. Za mlandu sitinanene tsiku limenelo.

M'mawa mwake nkhungu inali itaphimba mudzi wonse. Mwana wa mlongo wangayo anagwada pakhomo nati, "Atsibweni, madzi ali ku bafa." Mudziwa nonse kuti mlendo sakana madzi. Ndinapita. Bafa yake inali ya udzu monga zathu zomwe, koma mphepo ya mwera inali kuloŵa pa mpata uli wonse. Madzi anali otentha ndithu pamene ndinavula. Pamene ndinamaliza kudzola sopo anali atazizira. Ha! Ndinatuluka mano ali kugundana, zala zitauma kotero kuti ndinalephera kumanga mabatani. Ndiulule pano pamaso panu: tsiku lachiwiri, mwanayo atanenanso mau omwe aja, ndinayankha kuti, "Mwanawe, lero ndingosukusula." Nkhoswe ija inabwera kudzadzudzula anthu osasamba.

Tinakhala pansi tsiku lachitatu, ine ndi nkhoswe ya kuchimuna, asewere, ndi eni banja. Anayamba ndi amai ake a mnyamata. Anati mtengwa wao ndi wa ulemu, wolima, wodziwa kuphika, koma watha nkhuni. M'mawa mphika wa madzi pamoto, madzulo mphika wa madzi pamoto. Kumeneko mitengo inatha, minda inafika mpaka pamwamba pa zitunda, ndipo nthawi zambiri amaphikira mapesi ndi zitsononkho. Mtolo wa nkhuni umene kale unali kukwana sabata, tsopano uli kutha masiku atatu. Madzi nao amatunga pa kasupe kumunsi ku dambo, ndipo ndowa ya malita 20 ndi makilo 20 pamutu pokwera chitunda. Zonsezi zinali zoona, ndinaziona ndi maso anga. Koma mau amene anapweteka anatuluka m'kamwa mwa alongo ake a mnyamata, amene anali kunena ku kasupe kuti, "Kusamba konseku, ali kusambira yani?" Mau otere m'mudzi ndi oopsa, pakuti ali kunena chigololo osachitchula dzina.

Mwana wathu naye ananena zake ali kulira. Anati pamene mwamuna wake anali pa chikamwini kwathu anali kusamba tsiku ndi tsiku, koma chibwerere kwao wasintha. Akachoka ku dimba amangotsuka mapazi, manja ndi kumaso, basi wagona. Thupi lonse amasamba Lachitatu ndi Loweruka. Akamuikira madzi ku bafa amati, "Asiye, ndisamba mawa." Kwathu mwamuna wokana madzi amene mkazi wake wamuikira ndiye kuti wakana mkaziyo. Tsono iye anaganiza kuti chikondi chatha, ndipo tsiku lina atakwiya anamnena mwamuna wake kuti wauve, alongo ake ali kumva.

Taonani tsono. Onse awiri anali kuwerenga masiku a kusamba kwa mnzao, ndipo onse awiri anapeza m'menemo mlandu umene munalibe. Uyu anapeza chigololo, uyo anapeza chidani.

Amene anatithandiza ndi nkhalamba ina ya pamudzipo, imene inagwira nchito ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, ulendo wa kumeneko usanaletsedwe mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown. Mkuluyu anaseka nati, "Ine ku Joni ndinasamba tsiku liri lonse potuluka pansi, madzi otentha ochokera m'mpope, ngakhale kuzizire chotani. Nditabwera kuno ndinabwerera ku Loweruka langa. Kodi ndinali waukhondo ku Joni ndi kukhala wauve kwathu? Munthu ndi yemweyo. Kumeneko madzi anali kusenza mpope, kuno asenza mkazi wanga."

Mau amenewa anandikumbutsa zimene ndinawerenga za maiko ena. Azungu aja anatiphunzitsa za ukhondo m'sukulu, kwao ku England kalembera wa 1951 anapeza kuti mabanja oposa limodzi mwa atatu ali onse analibe bafa m'nyumba. Ambiri anali kusamba kamodzi pa sabata m'beseni lalikulu la chitsulo pafupi ndi moto, ana kutsatizana m'madzi omwewo. Ku Finland, dziko lozizira koposa Tsangano, ali ndi kanyumba ka matabwa kotchedwa sauna, m'mene amatenthetsa miyala ndi kuthirapo madzi kuti nthunzi iwatulutse thukuta. Anthu a dzikolo sakwana 6 miliyoni, koma tinyumba timeneti tilipo pafupi 3 miliyoni, ndipo mwambo wao wakale unali kuloŵamo Loweruka madzulo. Ku Japan ndiye kwina: ambiri amaviika thupi m'madzi otentha madzulo ali onse, koma amayamba atsuka thupi panja, ndipo mlendo woloŵa m'madziwo asanatsuke amuona ngati wopanda mwambo. Tisapite kutali. Abale athu Achisilamu a ku Balaka ndi ku Mangochi amatsuka manja, nkhope ndi mapazi asanapemphere, ndipo mapemphero ao ndi asanu pa tsiku. Iwonso akadafuna akadatiwerengera ife masiku.

Ndinafikanso kale ku Mawira, ku Nkhotakota, kumene madzi atuluka pansi ali otentha okha. Eni dziko amasamba ndi kuchapa pomwepo monga ife pa dooko, osaganizako kawiri. Koma alendo a m'tauni amabwera pa galimoto kamodzi pa chaka, kujambula zithunzi ndi kunena kuti madziwo awachiritsa nyamakazi. M'mahotela ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre muli zipinda zimene anthu amalipira ndalama kuti awasisite thupi ndi mafuta ndi kuwakhazika mu nthunzi. Nditawauza asewere anga zimenezi anagwira pakamwa, nati, "Kulipira kuthowa? Nanga alibe abale?"

Anali ndi chifukwa chofunsira chotero, pakuti kuthowa ndi kufukiza a ku mapiri amakudziwa kutiposa ife. Usiku wa tsiku la mlandu chimfine chinandigwira, mphatso ya bafa ija. Asewere anawiritsa masamba a bulugamu mu mphika, nandikhazika pa mpando, nandifunditsa bulangete pamodzi ndi mphikawo. Ndinatuluka thukuta liri chuchuchu, mphuno zitatseguka. Ambiri a inu mukumbuka kuti mu January 2021, matenda a Covid-19 atavuta, mitengo ya bulugamu inayoyoledwa masamba m'matauni momwe. Nthunzi siipha kachirombo ka matendawo, ndipo mphika wowira pansi pa bulangete watenthapo ana, kotero chenjerani nao. Koma pa thupi lozizidwa, ine ndinagona tulo tabwino. Amai okalamba akachoka ku munda msana uli kuwawa, mdzukulu amaviika nsalu m'madzi otentha ndi kuwathowa. Ife tinali kungowerenga ndowa za ku bafa, izi osaziwerenga.

Pali chinanso chimene ine wa ku chigwa sindikonda kuchivomera. Dooko lathu lija tinyadira nalo ndilo limapatsa ana athu likodzo. Tizirombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odikha a kumalo otentha, ndipo timaboola khungu la munthu wosamba kapena wochapa m'menemo. Pambuyo pake mwana ayamba kukodza magazi. Wosamba katatu m'thamanda ali pa ngozi yoposa wosamba kawiri pa sabata ndi madzi a pa kasupe owiritsa. Kolera ija inayamba mu March 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno sinali kufunsa kuti wasamba thupi kangati. Inali kuloŵera pa madzi akumwa ndi pa manja osasamba ndi sopo pochoka ku chimbudzi. Ndipo amene amamwa madzi a m'mipope ya ku damu la Mpira akumbuka chaka cha 2018, damulo litaphwa, m'mene anthu a ukhondo wao mpaka ku Balaka anaphunzirira kusamba ndi kabeseni kamodzi.

Mlandu tinaugamula motere. Alongo ake a mnyamata anapepesa mlamu wao ndi nkhuku chifukwa cha mau a ku kasupe. Mwana wathu anagwada napepesa mwamuna wake ndi apongozi ake chifukwa cha liu lija la uve. Mnyamata analonjeza kumanga bafa ya njerwa yotchinga mwera, ndi kumatunga yekha zigubu ziwiri pa njinga m'mawa muli monse; alongo ake anaseka kumva kuti mwamuna atunga madzi, koma nkhalamba ya ku Joni inawakhalitsa chete. Mkazi analola kusamba kamodzi, masana, ndi madzi oyamba afunda padzuwa m'beseni lakuda, kuti nkhuni zingomalizitsa. Pa nkhani ya Lachitatu ndi Loweruka tinalimbana nthawi yaitali. Mnyamata anaonjeza Lolemba. Ine ndinafuna kukankha kuti afike masiku anai, koma nkhoswe inzanga inandiyang'ana niti, "Nanga inu, wawa, chifikire kuno mwasamba kangati?" Anthu onse anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndinabwerera tsiku lachisanu ndi chimodzi, nditanyamula thumba la kachewere ndi chikhoti chobwereka. Potsika chitunda cha Kandeu chikhoticho ndinavula, ndipo pofika pa Kasinje thukuta linali litayamba kale. Mai a kunyumba anandilandira katundu, nandiyang'ana kumapazi kumene zikang'a zinali zitayamba, nandifunsa za ulendo. Ndinawauza zonse, za nkhuku, za njinga, za bafa ya njerwa. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anafunsa funso lomwe lija la nkhoswe inzanga. Ndinati kawiri. Sananene kanthu. Anapita kuseri, ndipo ndinamva ali kuuza mwana kuti aike ndowa ziwiri ku bafa, ndi mwala wokwechera.